Barcelona inalandira 222 miliyoni pa Neymar, nanga zinatheka bwanji kuti ilephere kusunga Messi?

Funso limeneli silitha anthu akamakangana za mpira. Timu yoti mu 2017 inalandira mayuro 222 miliyoni pa wosewera mmodzi yekha, timu yoti mu sizoni ya 2018-19 inalowetsa ndalama zambiri kuposa timu ina iliyonse padziko lapansi, inafika bwanji poti mu Ogasiti 2021 ikulephera kulembetsa Lionel Messi, munthu woti anali atavomera kale kudula salale yake ndi theka? Ena amangoti ndalama anadya akuluakulu, ena amati ndi Covid, ena amaloza La Liga, ligi ya ku Spain, kuti inachita dala. Koma musanasankhe woti mumuloze chala, pali zinthu zingapo zofunika kuzimvetsa kaye za mmene ndalama za timu yaikulu zimayendera, chifukwa nambala ija timaiona pa foni yoti wakuti wagulidwa pa mamiliyoni akuti ndi kachigawo kochepa chabe ka nkhani yonse.

Mtengo womasulira wosewera

Choyamba, Barcelona sinagulitse Neymar. Sinkafuna n'komwe kuti apite. Ku Spain kuli lamulo la mu 1985 lokhudza ntchito za osewera, ndipo chifukwa cha lamulo limenelo ma kontrakiti a osewera amakhala ndi mtengo wolembedwa woti wosewerayo akaulipira amamasuka, timu ifune isafune. Ndi zija mumamva kuti release clause. Ku England sikawirikawiri kuona zimenezi, koma ku Spain pafupifupi aliyense ali nayo.

Neymar atasaina kontrakiti yatsopano mu 2016, mtengo wake unaikidwa woti uzikwera chaka ndi chaka, ndipo pofika pakati pa 2017 unali pa 222 miliyoni. Nthawi imeneyo wosewera wodula kwambiri m'mbiri anali Paul Pogba, yemwe Manchester United inamugula pa 105 miliyoni chaka cham'mbuyo, ndiye aliyense ankaona ngati 222 ndi nambala yongoopsezera basi, palibe angafikepo. Paris Saint-Germain (PSG) ya ku France, yomwe eni ake ndi a ku Qatar, inafikapo. Maloya a Neymar anayamba apita ndi cheke ku ofesi ya La Liga ku Madrid, La Liga n'kukana kulandira, ndiye anangopita nayo ku ofesi za Barcelona pa 3 Ogasiti 2017 ndipo nkhani inathera pomwepo.

Aka sikanali koyamba. Mu 2000 Real Madrid inalipira mtengo womasulira Luís Figo, pafupifupi mayuro 60 miliyoni, ndipo Barcelona inathamangira kugula Marc Overmars ndi Emmanuel Petit ku Arsenal pamodzi ndi ena angapo. Timu inakhala osatenganso ligi mpaka 2005. Phunziro limeneli litawapweteka kawiri, anayamba kuika manambala amisala zedi, Messi anamuikira 700 miliyoni, ndipo achinyamata a masiku ano monga Pedri ndi Lamine Yamal anawaikira 1 biliyoni.

Kugula pomwe aliyense akudziwa zomwe zili m'thumba mwako

Apa ndi pomwe vuto lolowetsa munthu m'malo mwa katswiri limayambira. Neymar anachoka ligi itatsala masabata awiri kuyamba, msika wogula osewera utatsala mwezi umodzi kutsekedwa, masapota akulira, ndipo timu iliyonse ku Ulaya inkadziwa ndendende kuchuluka kwa ndalama zomwe Barcelona yangolandira. Wogulitsa akadziwa kuti uli ndi ndalama komanso uli pachangu, mtengo sakuuza womwe akanauza wina.

Borussia Dortmund inagulitsa Ousmane Dembélé, mnyamata wa zaka 20 yemwe inamugula kuchokera ku Rennes chaka chimodzi chokha m'mbuyomo pa ndalama yochepa kwambiri, pa 105 miliyoni kuphatikizapo zina zowonjezera zodzalipira akamachita bwino. Mu Sepitembala momwemo anavulala mnofu wa kuntchafu pa gemu ndi Getafe, miyezi yoposa itatu ali kunja. Liverpool inakana kaye kugulitsa Philippe Coutinho mu Ogasiti, n'kudzamupereka mu Januwale 2018 pa 120 miliyoni ndi zowonjezera zofika 40 miliyoni. Werengani nokha, anthu awiri amenewa okha anali atameza kale ndalama yonse ya Neymar ndi kupitirira. Kenako mu Julayi 2019 anabweretsanso Antoine Griezmann kuchokera ku Atlético Madrid pa 120 miliyoni.

Poyerekeza, onani zomwe Liverpool inachita itataya Coutinho. Sinafunefune Coutinho wina ayi. Inagula Virgil van Dijk kumbuyo mu Januwale womwewo, ndi goloboyi Alisson patapita miyezi ingapo, kutanthauza kuti inatseka mabowo omwe inali nawo kale. Mu Meyi 2019 matimu awiriwa anakumana mu semifainolo ya Champions League, Barcelona inapambana 3-0 kwawo kenako n'kukamwa 4-0 ku Anfield, kwawo kwa Liverpool, Coutinho ali mbali yogonja. Koma tisafulumire kunena kuti njira yogawa ndalama pa osewera angapo ndiyo yolondola nthawi zonse, chifukwa Tottenham inachita zomwezo itagulitsa Gareth Bale mu 2013, inagula osewera asanu ndi awiri, ndipo mwa onsewo amene anakhazikikadi kukhala mzati wa timu ndi Christian Eriksen. Njira zonse ziwiri zili ndi manda ake.

Ndipo Coutinho ndi Dembélé sanali osewera oipa. Coutinho atabwerekedwa ku Bayern Munich anagoletsa zigoli ziwiri pa gemu ija Barcelona inachita manyazi 8-2 ku Lisbon mu Ogasiti 2020. Dembélé anapita ku PSG mu 2023 pa ndalama pafupifupi 50 miliyoni, ndipo mu 2025 anatenga Champions League ndi Ballon d'Or, mphoto ya wosewera wabwino kwambiri pachaka. Ndiye nkhani si luso lokha, ndi malo omwe akumuseweretsa, kuvulala, komanso mtengo womwe wamusenzetsa pamutu.

Mmene ndalama yogulira imalembedwera m'mabuku

Gawo ili ndi lomwe limasokoneza ambiri, koma mukalimvetsa zina zonse zimamveka. Timu ikagula wosewera, ndalama ija siilembedwa yonse ngati yawonongedwa chaka chomwecho. Amaigawa pa zaka za kontrakiti. Ma akauntanti amati amortisation. Griezmann anagulidwa pa 120 miliyoni n'kusaina zaka zisanu, ndiye m'mabuku a Barcelona ankadya 24 miliyoni chaka chilichonse, salale yake tisanaiwerengere. Patatha zaka ziwiri, m'mabuku anali adakali ndi mtengo wa 72 miliyoni. Tsono mukamugulitsa pamenepo pa 40 miliyoni, ndalama ilowadi m'thumba koma m'mabuku mwalemba kuluza 32 miliyoni tsiku lomwelo. Ndi chifukwa chake mumaona timu ikukakamira wosewera woti sakusewera n'komwe, kapena kumangomubwereketsa uku ndi uku, kumugulitsa motchipa kukanaonetsa chilonda poyera.

Koma pogulitsa zimayenda mosiyana, phindu lonse limalembedwa nthawi yomweyo. Ndiye onani msampha wake. Ndalama ya Neymar inalowa kamodzi, m'chaka chimodzi, mabuku a chaka chimenecho n'kuoneka okongola. Pomwe Dembélé, Coutinho ndi Griezmann anakhala akudya chaka ndi chaka kwa zaka zingapo, ndalama ya Neymar itaiwalika kale. Ndipo matimu ambiri salipira ndalama yogulira nthawi imodzi, amalipira pang'onopang'ono, ndiye pofika 2021 Barcelona inali idakali ndi ngongole kwa matimu ena pa osewera oti ena mwa iwo anali atachoka kale.

Kusiyana kumeneku pakati pa kugula ndi kugulitsa kumabweretsa masewera ena a m'mabuku. Mu Juni 2020, chaka cha ndalama chitatsala pang'ono kutsekedwa, Barcelona inagulitsa Arthur ku Juventus pa 72 miliyoni, ndipo nthawi yomweyo inagula Miralem Pjanić ku Juventus komweko pa 60 miliyoni. Ndalama yeniyeni yosinthana manja inali yochepa, kusiyana kwa manambala awiriwo basi, koma matimu onse awiri analemba phindu lalikulu m'mabuku a chaka chimenecho, mtengo wogulira n'kuukankhira ku zaka zakutsogolo. Barcelona inapereka mnyamata wa zaka 23 n'kutenga bambo wa zaka 30, yemwe patatha chaka chimodzi anabwerekedwa ku Beşiktaş. Pa mpira sizinkamveka, pa mabuku zinkamveka bwino lomwe.

Si Barcelona yokha imasewera ndi lamulo limeneli. Chelsea itagulidwa ndi eni atsopano mu 2022 inayamba kupatsa osewera ma kontrakiti a zaka 7, 8, Mykhailo Mudryk anasaina zaka 8 ndi theka, cholinga mtengo ugawike pa zaka zambiri uzioneka wochepa pachaka. UEFA, bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya, inatseka khomo limenelo mu 2023 polamula kuti kugawako kusapitirire zaka zisanu.

Ndiye pali ana oleredwa pakhomo. Wosewera wochokera ku akademi ya timu, ku Barcelona amati La Masia, sanagulidwe, m'mabuku mtengo wake ndi ziro. Akamasewera sadya chilichonse kupatula salale, ndipo mukamugulitsa ndalama yonse ndi phindu. Messi anali wotero.

Salale, chilombo chenicheni

Ife timakonda kukamba za mtengo wogulira chifukwa ndi umene umalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, koma chimene chimagwetsa matimu kawirikawiri ndi malipiro. Mtengo wogulira umatha, salale imabwera mwezi ndi mwezi, timu ipambane kapena igonje, anthu alowe m'bwalo kapena asalowe.

Mbiri yake imayambira mu 1995, pomwe khoti la ku Ulaya linagamula pa mlandu wa wosewera wa ku Belgium, Jean-Marc Bosman, kuti kontrakiti ikatha wosewera ali ndi ufulu kupita komwe akufuna popanda timu yakale kulandira kanthu. Kuyambira pamenepo mphamvu inasamukira kwa osewera ndi ma ejenti awo. Timu ikaopa kuti katswiri wake achoka ulele, imamuonjezera ndalama, ndipo mnzake wa mu timu momwemo akamva amabweranso kudzagogoda.

Ku Barcelona mantha amenewa anakula Neymar atachoka. Mu Novembala 2017 Messi anasaina kontrakiti yatsopano, ndipo mu Januwale 2021 nyuzipepala ya El Mundo inatulutsa mapepala osonyeza kuti ikanatha kufika mayuro 555 miliyoni pa zaka zinayi, msonkho usanachotsedwe komanso ngati zowonjezera zonse zitakwaniritsidwa. Ena anaona nambala imeneyi n'kunena kuti Messi ndiye anagwetsa timu. Ena anayankha kuti Messi yemweyo ndiye ankabweretsa makampani othandiza timu, alendo odzaona gemu ku bwalo lawo la Camp Nou, ndi malonda a ma jezi, komanso kuti vuto linali osewera ena omwe ankalandira ngati akatswiri koma osabweretsa kanthu. Mbali zonse zili ndi mfundo, koma chosatsutsika ndi chakuti malipiro a timu yonse anali atakwera kufika poti ankafuna kuti chaka chilichonse chikhale chaka chabwino kwambiri.

Kenako Malichi 2020, Covid. Camp Nou, bwalo lolowa anthu pafupifupi 99,000, inatsekedwa. Myuziyamu ya timu, yomwe ndi imodzi mwa malo omwe alendo amapitako kwambiri mu mzinda wa Barcelona, inatsekedwa, mashopu chimodzimodzi. Matimu onse anavutika koma Barcelona inkadalira kwambiri ndalama za anthu obwera ndi miyendo yawo, ndipo inalibe chosungira pambali. Mu Sepitembala 2020 inalola Luis Suárez kupita ku Atlético pafupifupi ulele, kungofuna kuchotsa salale yake, ndipo bamboyo anakagoletsa zigoli 21 n'kutengera Atlético ligi sizoni yomweyo.

Mu Ogasiti 2021 pulezidenti Joan Laporta anauza atolankhani kuti Messi akanakhala, malipiro a osewera akanakhala 110 peresenti ya ndalama zolowa, ndipo popanda iye anali pa 95 peresenti. Ananenanso kuti ngongole yonse ya timu yafika mayuro 1.35 biliyoni, ndipo sizoni ya 2020-21 analemba kuluza 481 miliyoni. Kuti muone kutalika kwake, mlingo womwe akatswiri a zachuma cha mpira amati ndi wabwino ndi 70 peresenti, ndipo UEFA pano inaupanga kukhala lamulo, kuyambira pa 90 mu 2023-24, kutsika ku 80, kenako 70 mu 2025-26.

Josep Maria Bartomeu, yemwe anali pulezidenti kuyambira 2014 mpaka pomwe anatula pansi udindo mu Okutobala 2020, sanavomere kuti zonse ndi zake. Mbali yake imati mliri ndi umene unadula ndalama, komanso kuti bodi yatsopano inakulitsa dala kuluza kwa chaka chimenecho potsitsa mtengo wa osewera ena m'mabuku kuti zaka zotsatira zidzaoneke zabwino. Mbali ya Laporta imati vuto linalipo kale Covid isanabwere, mliri unangovundukula.

Malire a La Liga

Tsono wina afunsa, ngati Messi anavomera theka, ndipo timu inkamufuna, ndani analetsa? Apa ndi pomwe La Liga imalowera. Kuyambira 2013, chaka chomwe Javier Tebas anakhala pulezidenti wa ligi, matimu a ku Spain amapereka bajeti yawo sizoni isanayambe, ligi imawerengera ndalama zomwe timu ikuyembekeza kupeza, kuchotsapo zoyendetsera timu ndi ngongole, chotsalacho ndiye malire a ndalama zomwe timu ingawononge pa osewera ndi makochi, kuphatikizapo salale ndi kuja kugawa mtengo wogulira. Lamuloli linabwera chifukwa nthawi imeneyo matimu ambiri a ku Spain anali ndi ngongole zamsonkho zoopsa ndipo ena ankakhala miyezi osalipira osewera.

Kusiyana kwake ndi malamulo a ku England ndi kofunika. Premier League imayang'ana pambuyo, timu iwononge kaye kenako idzalangidwe, monga Everton ndi Nottingham Forest zinalandidwa mapointi mu sizoni ya 2023-24. La Liga imayang'ana patsogolo, ukapitirira malire sakulola kulembetsa wosewera watsopano, ungamugule, angavale jezi n'kujambulitsa zithunzi, koma sasewera.

Malire a Barcelona anali 671 miliyoni mu 2019-20. Chaka chotsatira anatsika kufika pansi pa 400 miliyoni, mu Sepitembala 2021 anali pafupifupi 98 miliyoni, ndipo mu Malichi 2022 anafika pansi pa ziro, minus 144 miliyoni. Timu yopitirira malire sithamangitsidwa mu ligi, osewera omwe ali ndi ma kontrakiti kale amapitiriza, koma polembetsa watsopano imaloledwa kugwiritsa ntchito kagawo kochepa chabe ka ndalama zomwe yapulumutsa, nthawi imeneyo inali yuro imodzi pa mayuro anayi aliwonse.

Ndiye chomwe chinamupweteka Messi ndi ichi, kontrakiti yake inatha pa 30 Juni 2021. Kuyambira tsiku lotsatira, pamaso pa ligi sanalinso wosewera wa Barcelona, kumulembetsa kunali ngati kubweretsa munthu watsopano, ndipo ngakhale theka la salale ya Messi ndi phiri. Pa 5 Ogasiti timu inalengeza kuti sizitheka, pa 8 Ogasiti analira pamaso pa atolankhani, patapita masiku awiri anali ku Paris akusaina ku PSG. Ndipo pomwe Neymar anasiya 222 miliyoni, Messi anachoka osasiya ngakhale yuro imodzi yogulira wina. Chaka chimodzi m'mbuyomo, mu Ogasiti 2020, iye mwini anali atapempha kuchoka ndipo Bartomeu anakana.

Panali khomo limodzi lomwe anthu amakanganabe mpaka pano. Sabata yomweyo La Liga inkakonza mgwirizano ndi CVC, kampani yoika ndalama mu mabizinesi, woti matimu alandire ndalama zoposa mayuro 2 biliyoni, posinthana ndi gawo la ndalama za TV kwa zaka 50. Tebas ananena kuti Barcelona ikanasaina, Messi akanakhala. Laporta anakana, anati sangapinyolitse tsogolo la timu kwa zaka 50 chifukwa cha wosewera mmodzi, kaya akhale wabwino chotani. Real Madrid ndi Athletic Club nawonso anakana.

Mwini timu ndani?

Manchester City kapena PSG ikaluza, pali mwini wake woti atha kuthira ndalama, malinga ndi momwe malamulo akumulolera. Barcelona ilibe munthu wotero. Eni ake ndi mamembala pafupifupi 140,000 omwe amalipira chaka ndi chaka ndipo amasankha pulezidenti pa voti. Spain itakhazikitsa lamulo la zamasewera la 1990 lokakamiza matimu kusanduka makampani, anayi okha ndi amene analoledwa kukhalabe m'manja mwa mamembala, Barcelona, Real Madrid, Athletic Club ndi Osasuna.

Ubwino wake ndi woti palibe angadzuke m'mawa n'kugulitsa timu kwa mlendo. Kuipa kwake, pulezidenti ndi wandale, amafuna mavoti, ndipo palibe amapambana chisankho polonjeza kuti zaka zitatu zikubwerazi sitigula aliyense. Katswiri akachoka, mtsogoleri wotere amakhala ndi chikakamizo choti abweretse dzina lalikulu sabata yomweyo. Komanso timu ikasowa ndalama njira zake ndi ziwiri basi, kukongola kapena kugulitsa katundu. Mu 2021 anakongola ndalama zoposa 500 miliyoni kudzera ku Goldman Sachs kuti ngongole zofunika kubweza msanga azitambasule pa zaka zambiri. Mu 2022 anayamba kugulitsa.

Ma lever aja

Amene munkatsatira mpira mu 2022 mukukumbukira kudabwa kwake, timu yomwe chaka cham'mbuyo inkalira umphawi mwadzidzidzi yagula Robert Lewandowski ku Bayern pa 45 miliyoni, Raphinha ku Leeds pa pafupifupi 58 miliyoni, Jules Koundé ku Sevilla pa pafupifupi 50 miliyoni. Ndalama inachokera kuti? Ku zomwe anazitcha ma lever, kutanthauza kugulitsa katundu wa timu kuti apeze ndalama msanga. Anagulitsa 25 peresenti ya ndalama zawo za TV za La Liga, za zaka 25 zikubwerazo, kwa kampani ya ku America ya Sixth Street, n'kulandira ndalama zoposa 500 miliyoni. Anagulitsanso 49 peresenti ya Barça Studios, nthambi yawo yopanga makanema ndi zinthu za pa intaneti, kwa makampani awiri, Socios.com ndi Orpheus Media, aliyense 100 miliyoni.

Zili ngati mlimi wogulitsa chimanga chidakali chachiwisi m'munda. Vendayo amakupatsa ndalama mu Febuluwale njala itafika povuta, ndipo ndalamayo ndi yeniyeni, ana adya, koma pokolola mizere ija si yakonso. Kusiyana kwake n'koti Barcelona inagulitsa mizere imeneyo kwa zokolola 25. Si ngongole ayi, palibe chobweza, koma chaka chilichonse kotala ya ndalama za TV za ligi imapita kwina.

Oikira kumbuyo njirayi amati timu ikafooka pabwalo ndalama nazonso zimathawa, ndiye kunali bwino kulimbitsa timu msanga kuti ibwerere kopambana, ndipo amaloza kuti Barcelona inatengadi ligi mu 2022-23. Otsutsa amaloza kuti sizoni yomweyo inatulukanso mu magulu a Champions League kachiwiri motsatizana, komwe kuli ndalama zambiri, komanso kuti ndalama za lever zimabwera kamodzi pomwe ma salale a Lewandowski ndi anzake amabwera chaka chilichonse, msampha womwe uja wa ndalama ya Neymar. Amafunsanso kuti kukana CVC kenako n'kugulitsa kwa Sixth Street kukusiyana pati, ndipo a Laporta amayankha kuti zaka 25 si zaka 50 ndipo mtengo anakambirana okha. Za Barça Studios ndiye zinavuta, ndalama zina zomwe ogula analonjeza sizinabwere pa nthawi yake, timu inakakamizika kutsitsa mtengo wa nthambiyo m'mabuku, ndipo sizoni ya 2023-24 inatseka ndi kuluza 91 miliyoni.

Nanga analowa m'malo mwa Messi ndani?

Sizoni yoyamba, palibe. Anabwera a ulele, Memphis Depay, Sergio Agüero ndi Eric García, ndipo ngakhale kuti Depay ndi García alembetsedwe zinatengera Gerard Piqué kudula salale yake gemu yoyamba ya ligi itatsala tsiku limodzi. Griezmann anabwezedwa ku Atlético pa loni tsiku lomaliza la msika, ndipo anadzagulitsidwa komweko pa ndalama pafupifupi 20 miliyoni, chimodzimodzi Coutinho ku Aston Villa mu 2022. Agüero anasiya mpira mu Disembala 2021 chifukwa cha vuto la mtima. Kochi Ronald Koeman anachotsedwa mu Okutobala, Xavi n'kulowa. Jezi nambala 10 anapatsa Ansu Fati, mwana wa pakhomo wa zaka 18, koma kuvulala kunamusowetsa mtendere mpaka anakabwerekedwa ku Brighton mu 2023 kenako ku Monaco.

Chodabwitsa n'choti kusowa ndalama kunatsegulira ana khomo lomwe mwina likanakhala lotseka. Gavi, Alejandro Balde, Fermín López, Pau Cubarsí, ndi Lamine Yamal yemwe anasewera gemu yake yoyamba mu Epulo 2023 ali ndi zaka 15, onsewa sanagulidwe ndi mamiliyoni. Pedri anachokera ku Las Palmas pa ndalama yoyambira 5 miliyoni yokha. Ndi gulu limeneli, kuphatikiza Raphinha ndi Lewandowski ogulidwa ndi ndalama za lever, lomwe pansi pa Hansi Flick linatenga La Liga, Copa del Rey ndi Supercopa mu 2024-25, ndipo mu 2025 nambala 10 inapita kwa Yamal. Ine ndimaona kuti apa mbali zonse ziwiri za mkangano zimapezapo umboni wawo, wina aloza ana a La Masia, wina aloza zigoli za Raphinha ndi Lewandowski, ndipo timu imeneyo sikanatheka popanda onse awiri.

Koma kupambana pabwalo sikunathetse vuto la kulembetsa. Dani Olmo anagulidwa ku RB Leipzig mu Ogasiti 2024, analembetsedwa kwa theka la sizoni kokha, ndipo mu Januwale 2025 La Liga ndi bungwe la mpira ku Spain anamuchotsa pa mndandanda pamodzi ndi Pau Víctor, mpaka nthambi ya boma yoona zamasewera inalowererapo n'kulola kuti azisewera. Matimu ena anadandaula poyera kuti malamulo akupindidwira timu yaikulu.

Zomwe sizinayankhidwebe

Chachikulu ndi bwalo. Barcelona inapeza ngongole ina ya mayuro 1.45 biliyoni yomangiranso Camp Nou, yosiyana ndi ngongole ija ya 2021, ndipo kuyambira 2023 inkasewera ku Montjuïc, bwalo laling'ono lobweretsa ndalama zochepa, mpaka pomwe inabwerera kwawo mu Novembala 2025 ntchito isanathe. Chiyembekezo n'choti bwalo latsopano la anthu pafupifupi 105,000 lidzabweretsa ndalama zokwanira kubweza ngongoleyo n'kutsalako zina. Kodi lidzakwanitsadi, pomwe kotala ya ndalama za TV za ligi ikupita kwina mpaka cha m'ma 2047?

Funso lina ndi la ana aja. Lero m'mabuku ndi otchipa, koma mwana akasanduka katswiri salale yake imakwera, ndipo akakhala asanu kapena asanu ndi mmodzi nthawi imodzi malipiro amabwerera komwe anali. Kodi timu idzatha kuwasunga onse osagulitsako mmodzi, poti kugulitsa mwana wa pakhomo ndi njira yachidule kwambiri yokongoletsera mabuku? Nanga wina akadzabwera ndi ndalama yoopsa ngati momwe PSG inachitira mu 2017, atsogoleri a nthawi imeneyo adzakhala ndi mtima wodikira, kapena voti idzawathamangitsiranso kumsika?

Palinso mkangano wa malamulo a La Liga enieniwo. Ena amati anapulumutsa mpira wa ku Spain ku ngongole, ena amati amamanga manja matimu a ku Spain pomwe a ku England akugula momwe akufunira, ndipo anachititsa kuti ligi itaye wosewera yemwe ankaigulitsa padziko lonse. Ndipo la umwini nalonso likadali pa tebulo, kodi timu ya mamembala ingapitirize kulimbana ndi matimu a mabiliyoneya ndi maboma popanda tsiku lina kugulitsako gawo la timuyo, kapena ma lever aja anali kale chiyambi cha kugulitsako?